Agogo anatchona ku Wenela: wilu, kalembera ndi mbiri ya malemu zingatithandize kupeza mtundu wathu?

MdzukuluWaMtchona:
Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndikulemba mtundu wathu kuti ana anga adzadziwe kumene tichokera, koma ndaima pa m'badwo wachitatu. Agogo aamuna obereka mayi anga anachoka ku Ntcheu kupita ku Wenela, ku migodi ya ku South Africa, m'zaka za m'ma 1950. Anabwerako, n'kupitanso, ndipo ulendo wachiwiriwo sanabwerenso. Mayi anga anali akuyamwa. Anzanga a kuntchito amene makolo awo ndi a ku Ulaya amangotsegula kompyuta n'kupeza wilu ya agogo a agogo awo, dzina lawo m'kalembera wakalekale, ngakhale nkhani ya imfa yawo m'nyuzipepala. Kodi ife Amalawi zoterezi tili nazo? Wilu za anthu akale zimasungidwa kuti? Mapepala a kalembera wa 1966 munthu wamba angawaone? Amene munayesapo ndithandizeni, mayi anga akukalamba ndipo funsoli limawapweteka.

Nachisale_Dedza:
Wilu ya munthu wakumudzi wa m'ma 1950? Achimwene, makolo athu ankati kulemba wilu n'kudziitanira imfa. Mawu omaliza ankauza nkhoswe pakamwa, basi.

KalalikiWakale:
A Nachisale anena zoona, koma musataye mtima. Ine ndinapumira ntchito mu ofesi ya DC, ndipo mafayilo a chuma cha masiye ndawagwira ambiri. Wilu zinali zochepa kwambiri, zambiri za azungu, amwenye ndi Amalawi ochepa amalonda kapena a ntchito zapamwamba. Wilu ikakhalapo imakatsimikizidwa ku High Court, choncho amene akufuna wilu yeniyeni afunse kumeneko. Koma chimene chimathandiza ambiri si wilu. Munthu amene anali pa ntchito, m'boma, pa esiteti, ku njanji kapena ku mgodi, akamwalira ndalama zake zinkadzera kwa DC kapena kwa Administrator General. Ndalamazo sizinkatuluka popanda mndandanda wa olandira: mkazi kapena akazi, ana onse ndi zaka zawo, makolo ngati ali moyo, kalata ya mfumu, ndi mboni za kuchimuna ndi kuchikazi. Pepala limenelo ndi mtundu wa munthu wolembedwa kale. Lamulo lakale la Wills and Inheritance Act la 1967 linkagawa chuma pakati pa mkazi ndi ana mbali imodzi, ndi olowa chuma mwa mwambo mbali ina, n'chifukwa chake m'mafayilo a nthawi imeneyo mumapezanso mayina a alongo ndi aphwa a malemu. Lamulo la 2011 linaika patsogolo mkazi, mwamuna, ana ndi odalira malemu, ndiye mafayilo atsopano satambasuka ngati akale. Chenjezo langa ndi ili: mndandandawo unkalembedwa ndi anthu amene akufuna ndalama. Ana a mkazi woyamba ankasiyidwa dala, ndipo mwana wa mlongo ankalembedwa ngati mwana wobereka. Muuwerenge, koma mukaufunsenso kumudzi.

MdzukuluWaMtchona:
Zikomo bambo. Vuto ndi lakuti kwathu sikunafike ndalama kapena uthenga wa maliro. Sitikudziwa ngati anamwalirira ku mgodi kapena anakwatira kumeneko.

WaZiwerengero:
Ndiyankheko za kalembera, chifukwa ambiri amayembekezera zambiri pamenepa. Nthawi ya atsamunda anawerenga anthu mu 1911, 1921, 1926, 1931 ndi 1945. Poyambirira anthu akuda sankawawerenga mmodzimmodzi, ankangotenga chiwerengero cha nyumba zokhoma msonkho n'kuchulukitsa. Ngakhale atayamba kuyenda m'midzi, chimene ankafuna chinali chiwerengero cha amuna, akazi, ana, mtundu ndi amuna amene ali kunja kwa dziko. Mayina a agogo anu simuwapezamo. Titalandira ufulu kalembera anachitika mu 1966, pamene tinapezeka anthu pafupifupi 4 miliyoni, kenako 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018, pamene tinakwana 17.5 miliyoni. Owerenga amalemba mayina a pabanja, inde, koma lamulo limati zimene munthu wauza wowerenga ndi zachinsinsi. A National Statistical Office ku Zomba amatulutsa ziwerengero zokha. Kalembera angakuuzeni kuti boma la Ntcheu linali ndi amuna ochepa poyerekeza ndi akazi chifukwa cha ulendo wa ku migodi, koma sangakuuzeni kuti mwamuna wa uje anapita kuti.

NaphiriWaKuLeeds:
Kuno zimene anzanu akuchitazo n'zoona, koma nawonso amadikira. Kalembera wa ku England ndi Wales amatsekedwa zaka 100. Wa 1921 anangomutsegula mu January 2022. Wa 1931 anapsa ndi moto mu 1942, ndipo mu 1941 sanawerenge chifukwa cha nkhondo. Ku America amadikira zaka 72. Wilu za kuno kuyambira 1858 zili m'kaundula mmodzi, munthu aliyense amalipira ndalama n'kulandira kope. Kusiyana kwake n'kwakuti boma lawo linkalemba munthu aliyense pobadwa, pokwatira ndi pomwalira kuyambira 1837. Kwathu lamulo la 1904 linkakakamiza kulembetsa ana a anthu osakhala akuda okha. Kulembetsa mwana aliyense kwabwera ndi National Registration Act ya 2010, ndipo ziphaso za unzika tinajambulitsa mu 2017. Choncho si kuti makolo athu anali osasamala. Boma silinaone chifukwa chowalembera, kupatula pa msonkho ndi pa ntchito.

Chiwongo_Mbewe:
Mawu omalizawo ndiwo mfundo. Tsatirani msonkho, ntchito ndi tchalitchi. Kumeneko n'kumene munthu wakuda analembedwa dzina.

MkuluWaMpingo_Mvera:
Za tchalitchi ndinenepo. Mishoni zakale zinkasunga makaundula mosamala kuposa boma. Blantyre inayamba mu 1876, Likoma 1885, Mvera 1889, Nkhoma 1896, Nzama ku Ntcheu kwanuko 1901, Mua 1902. Ku CCAP kuli kaundula wa a kalasi, wa ubatizo, wa maukwati, ndi mabuku a zokambirana za akulu a mpingo. M'mabuku a zokambiranawo mumapezeka nkhani zenizeni: mayi wakuti wapempha kuti ukwati uthe chifukwa mwamuna anatchona zaka zakuti, ankhoswe ake ndi akuti ndi akuti. Ngati agogo anu aakazi anali Mkhristu ndipo anakwatiwanso, mpingo sukanangowalola popanda kukambirana, ndipo zokambiranazo zinalembedwa. Mwina mungapezemo dzina la mgodi kapena tauni kumene kalata yomaliza inachokera. Kwa Akatolika buku la ubatizo limatchula bambo, mayi, mudzi ndi womuimira mwana, ndipo m'mbali amalembamo za ulimbitso ndi ukwati wake, ngakhale ukwatiwo utachitikira ku parishi ina. Yambani pa mpingo umene anabatizidwira, osati umene mukupemphera inu lero, chifukwa mipingo yambiri ya lero inabadwa kuchokera ku ina ndipo mabuku akale anatsala kwa mayi wake.

CheMangochi:
Nanga ife Asilamu? Kaundula wa ubatizo kulibe. Kwathu wosunga mbiri ndi mwinimbumba ndi amayi akuluakulu, ndipo mayina amatchulidwa pa sadaka abale akasonkhana. Ine mtundu wathu ndinaulemba pa sadaka ya azakhali anga, usiku amayi akuphika. Anandiwerengera mabele onse kuyambira kwa gogo amene anatsika kuchokera ku Mozambique.

Mphunzitsi_Balaka:
Ine ndimadalira mbiri ya malemu. Maliro aliwonse a pachibale ndimapempha pepala limene lawerengedwa, kapena ndimajambula pa foni. Mumakhala chaka chobadwa, mudzi, mfumu, sukulu, ntchito, ukwati, ana angati, amoyo angati, zidzukulu zingati. Ndikaphatikiza mapepala a anthu a bele limodzi chithunzi chimaoneka. Kale mauthenga a maliro pa wailesi ya MBC ankatchula dzina, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, komanso abale amene akudziwitsidwa ndi kumene ali. Akanakhala kuti mapepala amenewo wina anawasunga, bwenzi theka la mavuto athu kulibe.

Nachisale_Dedza:
Aphunzitsi, mbiri ya malemu imalembedwa usiku pa siwa ndi anthu otopa, ena akulira. Chaka chobadwa amangoyerekeza. Mkazi woyamba satchulidwa ngati wachiwiri ndiye wakhala pafupi ndi bokosi. Ana a kunja ndiye ayi. Pa maliro a malume anga anawerenga ana asanu, pamene ena awiri anali atakhala pomwepo pansi pa mtengo, nkhope ngati malemuwo.

Mphunzitsi_Balaka:
Sindikukana, mayi. Koma pepala lolakwika limakupatsani poyambira kufunsa. Popanda pepala mumafunsa chiyani? Ndipo za zaka zili ndi njira yake. Akuluakulu sankasunga manambala, ankasunga zochitika. Wina akati anabadwa chaka cha nkhondo ya Chilembwe ndiye 1915. Chimfine chachikulu chinali 1918 mpaka 1919. Napolo wa ku Zomba ndi kumira kwa sitima ya Vipya zonse ndi 1946. Njala yaikulu ndi 1949. Kumangidwa kwa Kamuzu ndi anthu a Congress ndi March 1959. Funsani kuti, "Nthawi ya njala munali msinkhu wanji? Munali mutatha msinkhu? Mwana wanu woyamba anali atabadwa?" Chaka chimatuluka chokha.

Chiwongo_Mbewe:
Ndifunse pambali. Mukamati mtundu, mukutsata mbali iti? Mapulogalamu a pa kompyuta onsewa amayamba ndi bambo, bambo wa bambo, n'kumakwera. Ife Achewa pfuko ndi la kwa mayi. Munda, manda ndi ufumu zonse zimayenda m'bele.

NgoniWaKwaGomani:
Koma mfunda mumatenga kwa bambo. Inuyo a Mbewe dzina limenelo munalitenga kwa mayi anu?

Chiwongo_Mbewe:
Kwa bambo, koma ndikamwalira akandiika kwa mayi anga, ndipo wolamula pa maliro anga adzakhala mphwanga kapena malume, osati a kuchimuna. Chiwongo n'choitanira, mbumba ndiye kwanu.

NgoniWaKwaGomani:
Kwa Angoni a ku Mzimba sizili choncho, ana ndi a kwa bambo chifukwa cha lobola. Ife a ku Ntcheu tinasakanikirana ndi Achewa, ndiye zonse ziwiri zilipo, chikamwini ndi chitengwa. Munthu wolemba mtundu alembe mbali zonse, asasankhe.

MwanaWaMhlakho:
Inu mukukangana muli ndi mayina oti mutsate. Ife a ku Thyolo ndi Mulanje makolo athu anawoloka kuchokera ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi, n'kudzalowa thangata m'maesiteti. Ambiri anasiya mayina awo pa chipata. Kapitawo ankalemba dzina limene iye angathe kulitchula, ndipo dzina la pa tikiti ya ntchito ndi limene ana analitenga kusukulu. N'chifukwa chake pabanja limodzi mupeza abale a mimba imodzi ali ndi mayina a bambo atatu osiyana: wina dzina la ubwana la bambo, wina la kuchinamwali, wina la kuntchito. Amene mukufufuza m'mapepala lembani mayina onse amene munthuyo ankadziwika nawo musanapite ku ofesi iliyonse.

KalalikiWakale:
Awonjezerepo kulowa dzina. Mfumu ikamwalira mphwake amatenga dzina lomwelo, ndipo anthu amamulankhula ngati ndi yemwe uja. Mukawerenga m'mabuku a DC a ku National Archives ku Zomba mupeza dzina limodzi la mfumu kuyambira 1920 mpaka 1960, mukhoza kuganiza kuti ndi munthu mmodzi pamene ndi atatu. Za ku Archives ndinenenso kuti mapepala ambiri a boma a zaka zoyambirira anapsa pamene ofesi yaikulu ya boma ku Zomba inayaka mu 1919. Zotsala zothandiza ndi mabuku a maboma, mmene ma DC ankalembamo mbiri ya mafumu ndi midzi, milandu ya malo ndi ya ufumu, ndi mapepala a mishoni ena amene anaperekedwa kumeneko. Pa mlandu wa ufumu mboni zimawerenga mabele onse, ndipo kalaliki amalemba. Ngati banja lanu linakanganirapo ufumu kapena munda ku khoti, mwayi ulipo.

ShaftNumber4:
Ndibwezere nkhaniyi kwa mwiniwake. Achimwene, ine ndili ku Carletonville, bambo anga anali wa pa mgodi. Wenela ndi dzina limene anthu ankaitanira Witwatersrand Native Labour Association, imene mu 1977 inasanduka TEBA. Iwowa ankalemba munthu aliyense: dzina, dzina la bambo, mudzi, mfumu, boma, chidindo cha zala, mgodi umene watumizidwa, ndi munthu wolandira ndalama zake akamwalira. Chofunika kwambiri ndi nambala. Fufuzani m'masutikesi akale kwanu: chiphaso, kabuku ka ndalama zosungidwa zimene ankalandirira kumudzi akabwerako, envulopu ya kalata yokhala ndi chidindo cha positi ofesi, ngakhale chithunzi chokhala ndi dzina la wojambula kumbuyo. Popeza agogo anu anabwerako ulendo woyamba, mapepala a ulendo umenewo angakhale anatsala m'nyumba. Ndi nambala TEBA imatha kufufuza mbiri ya ntchito ya munthu, ndipo mapepala ake akale ambiri akusungidwa ku University of Johannesburg. Popanda nambala n'zovuta, chifukwa a Phiri ndi a Banda a ku Ntcheu analipo mazanamazana. Dziwaninso kuti wolembedwa ndi Wenela akafera pa ntchito, kawirikawiri uthenga ndi ndalama zinkatumizidwa kwa DC wa kwawo. Ngati kwanu sikunafike kanthu, ine ndikuganiza kuti ulendo wachiwiriwo anapita paokha, wa selefu, kapena anamaliza kontirakiti n'kulowa m'tauni. Ambiri otere ankasintha dzina n'kutenga la Chizulu kapena Chisutu kuti apolisi asawabweze. Ndipo musavutike kufuna fayilo yawo kwa Master of the High Court, ofesi ya kuno ku South Africa yoyang'anira chuma cha masiye, kumene mafayilo ambiri a nthawi imeneyo ndi a azungu. Pansi pa lamulo la 1927 chuma cha munthu wakuda womwalira wopanda wilu chinkayendetsedwa ndi komishonala kapena majisitireti wa dera, mpaka khoti lalikulu litathetsa zimenezo mu 2004.

Nyasa_WaKuMbare:
Musaiwale Rhodesia. Ambiri amene kumudzi ankati apita ku Joni anathera ku Salisbury, Bulawayo, Wankie, Shabani kapena m'mafamu a fodya. Ine ndinabadwira ku Harare, agogo anachokera ku Dedza wapansi. Chitupa chawo chinali ndi mudzi, mfumu ndi boma la kwawo, ndipo n'chimene chinatifikitsa kumudzi. Chachiwiri ndi mabungwe a maliro. Anthu a ku Nyasaland kuno ankasonkhana potengera boma lochokera, n'kumasonkha ndalama zoikira maliro, ndipo mlembi ankalemba dzina la membala ndi kwawo. Mabuku ena akadali m'nyumba za ana a alembiwo. CCAP ya Harare Synod, mizikiti ya Ayao ndi magulu a Gule Wamkulu a m'migodi amadziwanso kuti uje anali wa kwa mfumu yakuti. Pa FamilySearch, tsamba la pa intaneti lofufuzira mbiri za mabanja, pali zikalata zodziwitsa za imfa (ma death notice) za ku Zimbabwe, zimene zimatchula makolo, mkazi ndi ana a malemu, ngakhale zambiri ndi za azungu. Pa ngozi ya mgodi wa malasha ku Wankie pa 6 June 1972 panafa anthu 427, ena mwa iwo Amalawi. Ife kuno tinakula ziphaso zathu zitalembedwa kuti ndife alendo mpaka malamulo a 2013, ndiye ambiri akufunafuna kwawo monga mmene inu mukufunira iwo. Lembani mudzi ndi mfumu m'magulu athu a pa Facebook, dzina lokha silithandiza.

WaZiwerengero:
Pa Wenela pomwepo, amene abale awo anasowa mu 1974 akumbukire ndege imene inagwa ku Francistown pa 4 April chaka chimenecho, itanyamula Amalawi obwerera kwawo. Anthu oposa 70 anafa, ndipo Kamuzu anaimitsa kulemba anthu a ku migodi chifukwa cha ngoziyo.

Mjomba_Lunzu:
Bwanji osangoyezetsa DNA? Masiku ano n'zosavuta.

NaphiriWaKuLeeds:
Ndinayezetsa. Imakulumikizani ndi abale okhawo amene nawonso anayezetsa ku kampani yomweyo, ndipo a kwathu oyezetsa ndi ochepa. Ingathandize mutapeza kale banja limene mukuliganizira ku South Africa, kuti mutsimikize. Koma muyambe mwaganiza bwino, chifukwa imaululanso zimene agogo aakazi anasankha kusanena.

GogoNangondo:
Ana inu, ndawerenga zonse, mdzukulu wanga ndiye akundilembera. Ine ndinakula amuna a m'mudzi mwathu ali ku Wenela. Mapepala onse mwatchulawa ndi a amuna, chifukwa amuna ndiwo ankakhoma msonkho ndi kulembedwa ntchito. Amayi amene analima, nalera ana a matchona, palibe ofesi inawalemba. Ndiye musathamangire ku Zomba ndi ku Joni kusiya alongo ake a mtchonayo, ngati alipo wamoyo, kapena ana awo. Mwamuna akatchona, mkazi wake sankauzidwa zonse. Kalata zinkapita kwa mayi ake ndi alongo ake, ndipo ngati anakwatira kumeneko iwowo ankadziwa n'kubisa, poopa kuti mlamu wawo angadwale nazo mtima. Inu mwafunsa kuchikazi, kwa mayi anu. Kodi kumudzi kumene agogo anuwo anabadwira munapitako? Pa chikamwini mwamuna ndi mlendo, mbiri yake ili kwawo. Mukapita musafike ndi kope m'manja ngati a kalembera. Mugone, mudye nawo, mufunse amayi ali paokha, amuna kulibe. Mufunsenso za ana amene anamwalira ali aang'ono, chifukwa mayi sawaiwala ngakhale mbiri ya malemu isawatchule.

MdzukuluWaMtchona:
Agogo, mwandiuza chinthu chimene palibe anandiuzapo. Kwawo kwa agogo aamuna ndi mudzi wina, cha ku Tsangano, ndipo chibale chinazilala ukwati utatha. Ndafunsa mayi anga madzulo ano, akuti kuli mwana wa mlongo wawo wa agogowo, mayi wachikulire, amene anabwera pa maliro a agogo aakazi. Akutinso sutikesi ya chitsulo imene agogo anabwera nayo ulendo woyamba ili kwa mayi aang'ono. A ShaftNumber4, ndikapeza nambala ndidzakulemberani pambali.

Chiwongo_Mbewe:
Ku Tsangano ndi m'malire. Musadabwe mukamva kuti abale ena ali tsidya la Mozambique, ku Angonia. Kumeneko mayina analembedwa Chipwitikizi, ndipo mabuku a ubatizo ali ku mishoni za Akatolika za uko.

KalalikiWakale:
Ulendo wa ku Tsanganowo musapite nokha, mutenge malume anu, ndipo muyambe mwaonekera kwa nyakwawa. Munthu wachilendo wofunsa mayina a akufa ndi mabele, anthu amaganiza kuti wabwera kudzalanda munda kapena kudzatsutsa ufumu, ndipo amatseka pakamwa. Munene poyera pamaso pa mfumu kuti simukufuna malo kapena chuma. Mukamapita kwa DC mutenge chiphaso chanu, kalata ya mfumu yotsimikiza chibale chanu ndi munthuyo, mayina ake onse, mudzi ndi mfumu yaikulu monga zinalili nthawi imeneyo, chifukwa midzi yambiri inagawika ndipo mayina a lero si a m'ma 1950. Mafayilo a zaka zimenezo akakhala kuti sali pa boma, mufunse ngati anatumizidwa ku Zomba, ndipo akupatseni nambala ya mndandanda umene anatumizira.